Ulemu kwa Che Linki Osafika

Kuno ku Mangochi munthu sitimutchula dzina lokhalokha. Kaya ndi shehe, kaya ndi mnyamata wokoka chilimira ku Msaka, timayamba ndi Che. Choncho ndikupempha kuti ulemu womwewo tiupereke kwa mkulu wina amene akatswiri a makompyuta amawanyoza m'mawa ndi madzulo, chonsecho iwo sanabwezepo mawu ngakhale tsiku limodzi. Ndikunena Che Linki Osafika, aja ukawadina sakupititsa kulikonse.

Amene simunakumane nawo ndikulozereni kumene amabadwira. Wolemba pulogalamu amasiya timawu tofotokozera m'kati mwa khodi yake: kachigawo aka kamawerenga odwala, onaninso kachigawo kakutikakuti. Ndiye pali zida zimene zimatolera timawu tonseto n'kumanga buku la malangizo la masamba ambirimbiri. Javadoc inabwera ndi Java mu 1995, Doxygen ya Dimitri van Heesch inatuluka mu 1997, Sphinx ya Georg Brandl mu 2008. Chida chikapeza dzina chimalifufuza m'kaundula wake. Likapezeka chimalisandutsa linki, ukadina wafika. Likasowa, nthungululu, Che athu abadwa.

Musati ndi nkhani za ku Ulaya. Ziwerengero za malungo zochokera ku Makanjira, Namwera, Malindi ndi Monkey Bay zimakalowa mu DHIS2, pulogalamu ya ku yunivesite ya Oslo imene Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito. Makompyuta okhudza pagalasi aja mumawaona kolandirira ma ARV anayambira ku Lilongwe ndi a Baobab Health. Kuseri kwa zoterezi kuli khodi, kuli mabuku a malangizo, kulinso ana athu amene amakhalira kuwawerenga usiku ndi kulemba tizigawo tawo towonjezera. Ndipo paliponse pamene khodi yakalamba n'kudutsa m'manja ambiri, Che Linki amayalapo mphasa.

Chimene ndimawakondera kwambiri n'chakuti sataya dzina. Boma lathuli atsamunda analikhazikitsa mu 1891 n'kulitcha Fort Johnston, polemekeza Harry Johnston. Ufulu utabwera dzinalo linachotsedwa, ndipo ife tonse tinangosintha lilime osayang'ana m'mbuyo. Che Linki ndi gogo uja amene mpaka lero angafike padepoti ku Limbe n'kufunsa basi ya ku Fort Johnston, kondakitala n'kumangoyang'ana mnzake. Zimachitika chonchi. Kachigawo kankatchedwa pezaWodwala. Kwabwera wopereka thandizo watsopano amene sakonda mawu akuti wodwala, akufuna kasitomala. Mnyamata wasintha dzina m'khodi, pulogalamu ikuyenda, aliyense wawomba m'manja, alawansi yalandiridwa. Koma m'timawu tofotokozera muja dzina lakale latsala, ndipo Che Linki aimirira pomwepo, akuloza kumene kunali mnzawo. Kachigawo kakasamutsidwira m'fayilo ina, kakabisidwa kuti anthu akunja asakaone, kapena tiwiri tikapatsidwa dzina limodzi, iwo saganizira zongolota. Doxygen imangodandaula kuti yalephera kupeza, iwo ali phee.

Apa mpamene anthu amawalakwira. Amati awononga buku. Ine ndimati m'buku lonselo wonena zoona ndi iwo okha. Tsamba likhoza kufotokoza bwinobwino kuti kachigawo kakuti kamawerenga ana osakwana zaka 5, pomwe chaka chatha wina anakasintha kuti kaziwerenga aliyense. Tsambalo limaoneka laukhondo, malinki ake onse akufika, bodza lili tsaa ngati chambo chowola m'kati chimene achithira madzi pamwamba kuti chinyezimire. Palibe chida chimene chimagwira bodza limenelo. Koma pamene pali Che Linki, wowerenga amadziwa kuti pano panadutsa munthu, anasuntha katundu, sanauze aliyense. Ndani winanso muofesi amene amaulula zotere popanda kumuitanira kumsonkhano wa ku hotela ya m'mbali mwa nyanja?

Nanga kudzichepetsa kwawo! Mu Sphinx, dzina la khodi likasowa m'kaundula, kawirikawiri sipamveka phokoso. Mawuwo amangokhala zilembo wamba zosadinika, mpaka wina atayatsa dala chimene amachitcha nitpicky, ndiko kuti kutola tizolakwa tonse ngati apongozi. Palinso china chimene chimawayanja kwambiri kuno kunyanja. Maina a mapulogalamu a eni, monga a Python, Sphinx imakawatenga pa intaneti m'kafayilo kotchedwa objects.inv. Ndiye taganizani mtsikana ali ku Nkope, laputopu pamiyendo, intaneti akukoka pafoni, magetsi athima, netiweki yathawa. Kafayilo sikanafike. Chenjezo ladutsa pakati pa mizere yambirimbiri imene palibe amaiwerenga, buku lamangika ndithu, ndipo usiku umodzi wokha Che Linki abereka mudzi wonse. Achemwaliwo asadandaule. Linki yosafika sidya bandulo.

Amagwirizanitsanso abale. Wolemba khodi woyamba sali kuno. Monga anyamata ambiri a boma lino, anakwera basi ya ku Joni, ndipo nambala yake inasintha kawiri. Malinki onse akanakhala ofika, ndani akanamukumbuka? Koma chifukwa cha Che Linki, wotsala ndi khodiyo amafufuza kwa mlamu wake, kwa anzake a kumzikiti, mpaka amupeza pa WhatsApp. Achimwene, muli bwanji kumeneko, kuzizira kukuti bwanji, kodi kachigawo kaja munakaika kuti? Safunsa anadya phula, ndipo amene amatikakamiza kufunsa ndi mkulu ameneyu. Nthawi zina yankho limabwera ndi kangachepe ka mayi kunyumba.

Adani ali nawo, ena ophunzira kwambiri. Ted Nelson anayamba mu 1960 kulota za Xanadu, dongosolo limene malinki ake amadziwana mbali zonse ziwiri kuti pasakhale woduka. Zaka makumi zinadutsa dziko likudikira. Tim Berners-Lee ku CERN analola kuti linki iziloza mbali imodzi, ngakhale kumene kulibe kanthu, ndipo webu yake ndi imene inafika mpaka pafoni ya wogulitsa usipa ku Chembe. Kunena mosabisa, intaneti imene tikuidziwayi inakula chifukwa inawapatsa malo Che Linki, pamodzi ndi nambala yawo yotchuka ija, 404.

Mu 2014 a Java anayesanso. Java 8 inabwera ndi mlonda wotchedwa doclint, amene akapeza dzina losafika amaimitsa ntchito yomanga buku. Kodi akatswiri a dziko lonse anakhala pansi kukonza malinki awo? Ambiri anafufuza mawu omugonetsera mlondayo, anawapeza, -Xdoclint:none, n'kuwagawana ngati mankhwala a mutu. Sindinaonepo mfumu imene anthu ake anaiteteza mwachangu chotero.

Ali ndi achibale m'maofesi ena, koma si onse anatengera khalidwe. Wa mu LaTeX ndi wofatsa: amangoika ?? pamene panayenera kukhala nambala ya tebulo, ngati munthu wakweza zikope. Wa mu Microsoft Word ndiye wamwano. Amabisala lipoti lonse likulembedwa, amadikira kuti lisindikizidwe, makope agawidwe kwa mafumu, makhansala ndi alendo ochokera ku Lilongwe, kenaka pakati pa chiganizo chonena za kuchepa kwa chambo m'nyanja ya Malombe amatulukira ndi zilembo zonenepa: Error! Reference source not found. Ameneyo ine sindimutcha Che. Akalembe yekha chitamando chake.