Walira Mazira, Walira Zitosi

Akuluakulu akale anati walira mvula walira matope. Ananena zimenezi kulibe golosale yogulitsa makapisozi, koma mwambiwu sunakalambe. Masiku ano umamveka bwino pakhomo pomwe pali nkhuku ndi mwana wokwawa. Walira mazira, walira zitosi.

Nkhuku palibe angaineneze. Mlendo akabwera, imafa ndi iyo. Mlandu ukakugwera kwa amfumu, imakapepesa ndi iyo. Fizi ikasowa, imakwera kabaza ndi iyo, miyendo yomangidwa, ulendo wa kumsika. Ndiye poti akuba ndi vumbwe sagona, timaigoneka m'nyumba, pakona, mwana ali pamphasa chapompo. Kukacha imayendera khonde, imasuzumira kukhitchini, imalawa phala lotsala m'mbale, ndipo paliponse pomwe yadutsa imasiyapo kenakake kuti tidziwe kuti inafikapo.

Amene amalandira mphatsozo ndi mwana wa miyezi 8. Iyeyu ali ndi lamulo limodzi lokha: chimene dzanja latola, pakamwa pagamule. Ku Zimbabwe, mu kafukufuku amene anatuluka mu 2013, ofufuza anakhala m'makomo a kumudzi maola ambiri akungoonerera makanda. Anaona ena akudya dothi, ena akudya zitosi zenizeni za nkhuku. Agogo aliyense akanawauza zimenezi kwaulere, komabe ndi bwino kuti zinalembedwa.

Kale nkhaniyi inkathera pa kutsegula m'mimba. Lero yatalika. M'matumbo a munthu ndi a chiweto mumakhala mabakiteriya osawerengeka, ambiri ndi ofatsa, ena amatithandiza kugaya chakudya. Mmodzi wodziwika ndi E. coli. Akakhala m'matumbo nthawi zambiri alibe mlandu, koma akasochera n'kulowa m'njira ya mkodzo kapena m'magazi, mwana amatentha thupi, amafooka, ndipo banja lonse limathamangira kuchipatala. Pamenepo ndi pomwe timalira mvula yachiwiri, ya mankhwala opha mabakiteriya.

Mvula imeneyi inayamba mu 1928 pamene Alexander Fleming anatulukira penicillin ku London. Inapulumutsa anthu ochuluka. Koma mwini wakeyo, polandira mphoto ya Nobel mu 1945, anachenjeza kuti munthu akamwa mankhwala osakwanira amaphunzitsa tizilombo kupirira. Iye anawaona matope mitambo ikungoyamba kumene. Ife chenjezolo tinalimva ngati mmene timamvera chenjezo lililonse.

Taonani zimene timachita. Chimfine chikatigwira, bakitilimu, chonsecho chimfine chimayamba ndi vayirasi, ndipo vayirasi sachita naye mantha bakitilimu. Tikapezako bwino tsiku lachiwiri, otsalawo timawasunga m'chitini pamwamba pa kabati, podikira wina adwale. Nkhuku ikazyolika, timatsegula kapisozi mmodzi, kusungunula m'madzi, kuimwetsa. Ngati ndi chitopa, nachonso ndi vayirasi. Nkhukuyo imafabe, zinzake zimamwako madzi omwewo, ndipo opindula ndi mabakiteriya a m'matumbo mwawo, omwe alandira sukulu yaulere.

Ndi sukulu ndithu. Mankhwala operewera ndi mayeso oyeserera: ofooka amafa, ochenjera amakhoza n'kutsala okha m'kalasi. Zinthu zikawayendera bwino, E. coli amagawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse, ndiye pofika madzulo wokhoza mmodzi uja ali ndi mudzi wake. Choipitsitsa, ophunzira amenewa amapatsirana likasa. Nzeru yogonjetsera mankhwala imalembedwa pa tizidutswa ta majini totchedwa plasmid, ndipo bakiteriya amatha kupatsira mnzake, ngakhale wa mtundu wina amene angokumana naye lero. Wochokera m'matumbo a nkhuku akafika m'matumbo a mwana amapeza anzake atsopano n'kuwagawira mayankho. Woyang'anira mayeso mulibemo. Mwanayo akhoza kukhala asanamwepo kapisozi chibadwire, koma m'mimba mwake muli omaliza maphunziro.

Vutoli si la pakhomo pathu pokha. Akatswiri amawerengera kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mankhwala otere ogulitsidwa padziko lonse amathera pa ziweto, ena kungoti zinenepe msanga. Mayiko a European Union analetsa kunenepetsa ziweto ndi mankhwalawa mu 2006. Ku China, mu 2015, anapeza mu nkhumba jini yotchedwa mcr-1, yogonjetsa colistin, mankhwala amene madokotala amasungira tsiku loti ena onse akanika. Posakhalitsa jiniyo inapezeka m'mayiko ambiri, yopanda pasipoti. Ndipo kafukufuku wa mu magazini ya The Lancet anawerengera kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Mmodzi mwa asanu alionse anali mwana wosakwana zaka zisanu. Apa nthabwala zimayamba zaima kaye.

Kuno kwathu manambala alipo. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chomwe ambiri timati Gulupu, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuyeza magazi a odwala kuyambira mu 1998. Mu 2003, pa tizilombo ta Klebsiella 100 topezeka m'magazi, pafupifupi 12 ndi tomwe tinali ndi mphamvu yogonjetsa mankhwala a gulu la ceftriaxone, jakisoni amene zipatala zathu zimadalira. Pofika 2016 tinali 90. Ta E. coli tinachoka pa kosakwana kamodzi kufika pa 30.

Kenako ofufuza anatuluka m'chipatala n'kulowa m'makomo a ku Ndirande, Chileka ndi Chikwawa, mu kafukufuku wotchedwa DRUM, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2023. Anayeza chimbudzi cha anthu, ndowe ndi zitosi, madzi a m'mitsinje ndi m'ngalande. Tizilombo tosamva mankhwala tinapezeka mwa anthu pafupifupi 4 pa 10 alionse, mu ziweto 3 pa 10, ndipo m'madzi a m'mitsinje kuposa pamenepo. Chiopsezo chinali chokulirapo m'makomo momwe ziweto zimagona m'nyumba kapena zimafika pa chakudya. Chinakweranso m'nyengo ya dzinja. Amene anapeka mwambi uja analibe maikulosikopu, koma matope awo anapezeka mu labu.

Tsono nkhuku ikanakhala ndi loya, apa akanaimirira. Akanati: olemekezeka, manambala akusonyeza kuti anthu ali nato tizilomboti kuposa amene ndikuwaimirira. Ndani anamumwetsa kapisozi? Ndani amataya matewera kuseri kwa nyumba komwe iye amapalasa? Ndani anasiya ngalande yotsekeka? Loyayo akanawina. Tizilomboti timayenda mbali zonse, kuchoka kwa nkhuku kupita kwa mwana, kuchoka kwa mwana kubwerera kwa nkhuku, kudzera m'dothi, m'madzi ndi m'manja mwa wophika.

Komanso wothamangitsa nkhuku zonse pakhomo wasokera. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Ana amenewa akufunika dzira, mkaka ndi nyama. Mlimi sakana mvula poopa kuterereka, amakumba ngalande.

Ngalande zake ndi zodziwika. Nkhuku zigone m'khola mwawo, ndipo khola lolimba bwino vumbwe amalilemekeza. Pabwalo pasesedwe mwana asanatsitsidwe kumsana, zitosi zipite kumunda komwe zili ndi ntchito. Mwana akhale pa mkeka woyera. Mbale zikwere pa thandala, madzi akumwa avindikiridwe, mpondagiya akhale ndi sopo osati dzina lokha. Chimbudzi cha mwana chitayidwe m'chimbudzi. Chitopa chili ndi katemera wa I-2, kadontho kamodzi m'diso la nkhuku, ndipo alangizi a ziweto amaudziwa. Nkhuku ikapatsidwa mankhwala ndi mlangizi, papaketi pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanadye mazira kapena nyama yake. Masikuwo sanalembedwe kuti paketi ikongole.

Ntchito yovuta kuposa zonsezi ndi ya chitini cha pamwamba pa kabati. Tsiku lina apongozi adzafika akutsokomola, n'kuti: "Ana inu, timakapisozi tija tinatsalako?" Mwambo umati mpongozi sakanizidwa. Gwadani mwaulemu, muwauze kuti tinatha, muwapatse ya kabaza apite kuchipatala akawayeze. Adzakunenani kwa sabata imodzi kuti ndinu aumbombo. Pirirani, chifukwa mdzukulu wawo akadzadwaladi, mudzafuna kuti jakisoni amugwire.