Tsiku limene ndinatsegula saluni pakhonde

Mkazi wanga akukwera basi yopita ku maliro ku Mzimba anandisiyira malamulo awiri: mwana azidya, ndipo tsitsi lake ndisalikhudze. Lachisanu ndimutengere kwa mayi amene amamuluka, chifukwa Loweruka kunali ukwati wa mchemwali wanga ndipo mwanayo anali m'gulu la tiana toponya maluwa. Ndalama ya oluka anaisiya pansi pa wayilesi. Pofika Lachinayi inali itasanduka mayunitsi a magetsi ndi zinthu zina zimene sindizitchula pano.

Sindinade nkhawa. Ndinkati tsitsi ndi tsitsi, langa ndakhala nalo kuyambira ndili khanda. Chimene ndinaiwala n'chakuti chiyambire ku pulayimale, kumene aphunzitsi ankabweza aliyense wosameta, mutu wanga umangodziwa lumo ndi makina ometera. Masabata amenewo okha ndi amene ndinalisiya kuti likuleko, ndikamete mwaulemu za ukwati.

Ndinamukhazika mwanayo pampando pakhonde n'kuyamba kumasula zimene analukidwa mwezi wathawo. Mzere uliwonse umene ndinamasula unandisiyira tsitsi m'manja. Mtima unagunda, ndipo ndinalibisa pansi pa mphasa kuti mwini wake asaone. Ndinadzamva pambuyo pake kuti munthu aliyense amathothoka tsitsi pakati pa 50 ndi 100 patsiku, ndipo likakhala lolukidwa, lothothokalo limasowa kogwera, limangodikira tsiku lomasula. Limafunika kulichotsa ndi zala madzi asanafike pamutu. Ine ndinathamangira ndowa, n'kutenga sopo wobiriwira wochapira zovala uja, n'kupukusa mutu wa mwana wanga ndi mphamvu zonse za bambo wachikondi.

Nditatsukuluza, tsitsi linali litathawa. Lija limafika m'mapewa akalikoka linali litakhwinyata, lotsala silinkaposa chala, ndipo kunkhongo linali litagwirana ngati chinkhupule. Ndinalisiya kuti liume padzuwa la Okutobala poganiza kuti likauma libwerera. Linauma gwa.

Apa m'pamene ndinatenga chipeso cha mano ang'onoang'ono, n'kuchizika pakhungu penipeni, n'kukoka. Mutu wa mwana unatsatira chipeso. Ndinakokanso, mano a chipeso n'kuthyokera momwemo.

“Adadi, mukundipweteka! Ndidzawauza amami.”

Ndinamugulira mafirizi awiri ndi zigege, tinapangana kuti amami sayenera kudziwa chilichonse. Kenako ndinapeza nzeru imene inandimaliza. Ngati vuto n'kupotana, ndiliwongole. Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe, ndipo mnyamata wina wogulitsa zodzoladzola anandipatsa chitini cha mankhwala owongola tsitsi, akuti amenewa ndi amphamvu, salephera. Pambali pa chitinicho panali malangizo a zilembo zing'onozing'ono. Safunsa anadya phula, koma ine ngakhale kuwerenga sindinawerenge.

Mwana atamva fungo lake anathawira kuseri kwa chitseko. Kuti aone kuti palibe choopsa, ndinavala jumbo kudzanja, n'kutapa, n'kudzipaka ndekha mutu wonse. Nkhani imanena kuti Garrett Morgan wa ku Cleveland, amene anatulukira mankhwala otere kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, anayamba wawayesa pa ubweya wa galu wa mnansi wake asanadzipake yekha. Ine galuyo ndinamudumpha.

Poyamba munangozizira bwinobwino. Kenako munayamba kuyabwa, kenako kutentha. Ndinamwetulira mwana uja n'kumuuza kuti kutenthako ndiye kuti akugwira ntchito. Mankhwala ambiri otere amakhala ndi sodium hydroxide, soda yowotcha yomwe ija amapangira sopo ndi kutsegulira mapaipi otsekeka, ndipo amawongola tsitsi pothyola timfundo ta m'kati mwake timene timalipotokola. Odziwa amayamba apaka Vaseline pakhungu ndi m'makutu, amayang'ana wotchi, ndipo sapaka pamutu wokandakanda. Wanga ndinali nditaukanda sabata yonse chifukwa cha thukuta. Misozi itayamba kutsika yokha ndinathamangira ku mpopi. Mpopi unatsokomola mpweya n'kukhala chete. Madzi a m'ndowa ndinali nditathera pamutu wa mwana.

Mmene ndinadumphira mpanda wa oyandikana nawo nyumba sindikumbuka. Ndimangokumbuka mawu a mayi a pamenepo, achikulire amene analuka anthu mu saluni zaka zambiri asanapume.

“Bambo, mwadzola chiyani m'mutumu? Weramani apa, msanga!”

Anandithira madzi a mu diramu yawo, chidebe pambuyo pa chidebe, osasiya ngakhale ndinkati basi zakwana. Atamva kuti chitinicho ndinagulira mwana wa zaka 6, anakhala kaye chete, kenako anati, “Kamutengeni.”

Zimene ndinaona pakhonde pawo, mutu wanga uli wokulungidwa ndi thaulo yonyowa, ndi sukulu imene sindinapiteko. Chipeso sanachigwire n'komwe poyamba. Anagawa mutu wa mwana m'zigawo zinayi n'kumanga zitatu. Chachinayicho anachiwaza madzi, n'kupaka conditioner wochuluka mpaka tsitsi linayamba kuterera. Anati kukanakhala kuti mulibe m'nyumba akanawiritsa therere n'kusefa madzi ake, ntchito yake n'chimodzimodzi. Dzanja lamanzere linagwira kamtolo ka tsitsi pafupi ndi khungu kuti kukoka kusafike pamutu, zala za dzanja lamanja zikumasula kuyambira kunsonga, pang'onopang'ono kutsikira kumizu. Mano a chipeso changa ankawatulutsa limodzilimodzi n'kumawaika m'dzanja langa osanena kanthu. Mfundo ziwiri za kunkhongo zinakanika, anazidula ndi sizasi. Mwana uja, amene kwa ine ankakuwa mpaka agalu kuyankha, anayamba kusinza pamiyendo pawo.

Akugwira ntchito ankalankhula ngati akuuza mwanayo, koma mlandu unali wanga. Kukhwinyata kuja, anati, ndi chizindikiro cha tsitsi lamoyo. Limene silibwerera likanyowa ndiye lawonongeka. Tsitsi lathu anthu amaliyesa lolimba chifukwa limathyola zipeso, chonsecho ndi losachedwa kuduka kuposa lowongoka. Silikhala lobulungira, ndi lophwatalala, limamera mopotana, ndipo paliponse pamene lapindika ndi pamene lingadukire. Mafuta amene khungu la m'mutu limatulutsa amatsika mosavuta patsitsi lowongoka, koma pa lopotana amathera m'njira osafika kunsonga. N'chifukwa chake limakhala ndi ludzu nthawi zonse, ndipo sopo wochapira amalilanda ngakhale tochepa timene linali nato. Mafuta paokha salinyowetsa. Madzi ndiwo amayamba, mafuta n'kubwera pambuyo kudzawatsekera m'kati. Apa anatulutsa kabotolo ka mafuta a nsatsi, olemera, a fungo la kumudzi, n'kupaka pang'ono chabe kunsonga.

Ndinafunsa ngati angamuluke zolimba kwambiri kuti zikhalitse, poganizira thumba langa. Anakankhira duku wawo kumbuyo n'kundionetsa chipumi. Tsitsi linkayambira patali, m'mbali muli see. Anati zimenezi ndi mesh za utsikana wawo, zokoka mpaka munthu kulephera kutsinzina, ndipo mizu ikafa siphukanso. Anatenga ulusi wakuda n'kumanga timitolo, kuzunguliza kuyambira kumizu mpaka kunsonga, momasuka moti chala chimalowa. Ulusi, anati, umaliwongola popanda moto kapena mankhwala. Usiku agone atavala duku woterera, chifukwa pilo wa thonje amayamwa mafuta. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndiye amene amadandaula kuti la mwana wake silikula ayang'ane chipeso chake, chifukwa limakula kumizu iye akulidula kunsonga.

Pangano la mafirizi linatha mkazi wanga atangoimba foni madzulo. Sanakalipe, zimene zinandiopsa kwambiri. Anangonditumizira pa WhatsApp nkhani ya kafukufuku wa National Institutes of Health ku America wa 2022, amene anatsatira amayi oposa 33,000 n'kupeza kuti ogwiritsa ntchito mankhwala owongola tsitsi koposa kanayi pachaka anali pa chiopsezo cha khansa ya chiberekero choposa kawiri cha amene sagwiritsa ntchito. Pansi pake analemba mawu awiri: “Tikambirana ndikafika.”

Loweruka m'mawa mayi aja anamasula ulusi, tsitsi linaima lalitali, lofewa, n'kulimanga ndi riboni yoyera. M'tchalitchi amayi ankatembenuka kufunsa amene wamukonza mwanayo. Ine ndinalowa nditavala chipewa, chifukwa mutu unali nkhanambo zokhazokha, ndipo wometa anakana kuyikapo makina. Sindinafike n'komwe pa benchi yachitatu pamene mkulu wa mpingo anandigwira pamkono mwaulemu: “Pepani bambo, chipewa.” Ndinavula. Alamu anga amene anakhala kumbuyo kwanga sanamve ulaliki.

Pa chithunzi cha banja wojambula anandiimika kumbuyo kwenikweni, kumene kumangooneka phewa. Chitini chija mayi aja anachiponya m'chimbudzi chokumba ndisanaganize zokachibweza ku Limbe. Pamwamba pa khutu lamanzere tsitsi silinamerebe, ndipo ndalama ya conditioner ndi diramu ya madzi ndimaliza kubweza mwezi uno.