Samurai Wowerenga Nsomba Zouma

Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mkulu amene anapeka mwambiwu ankadandaula ndi kamphepo ka pabwalo, osadziwa kuti kudzabwera foni. Lero mnyamata wa ku Chipera amakhala m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, kapenta akuuma pathandala, koma mtima uli pachala chimene chikuseweretsa zithunzi za anzake a ku Joni atatsamira magalimoto a eni. Tisamunene kwambiri. Ngakhale magetsi a pa Songo, ambiri amathamangira ku South Africa komweko.

Mnyamata wotere ndingamuonetse filimu ya ku Japan ya 2002, The Twilight Samurai, imene anakonza Yoji Yamada. Koma inu eni mavidiyo, musanaiike bisani kaye ndalama za pakhomo, chifukwa amene alipira kuti aone mitu ikuuluka adzafuna mametikali awo.

Samurai (msilikali wa lupanga) wa mufilimuyi, Seibei, yemwe amasewera ndi Hiroyuki Sanada, ndi kalaliki wa mosungira chakudya cha mfumu. Tsiku lonse amalemba m'kaundula nsomba zouma. Mkazi wake anamwalira ndi chifuwa chachikulu n'kumusiyira ana aakazi awiri, ngongole, ndi mayi ake okalamba amene amamufunsa mwana wawo yemwe kuti kodi inu ndinu a kwa yani. Likalowa dzuwa anzake amapita kukamwa, iye liwiro kunyumba, mpaka anamupatsa dzina lomuseka nalo. Usiku amaluka tizikhola ta tizilombo toti agulitse. Nthawi yosamba alibe, moti mfumu itabwera kudzayendera, mphuno ndi imene inayamba kumudziwa.

Nanga lupanga? Anagulitsa kuti alipirire maliro a mkazi wake. M'chimake muli chansungwi. Apa ndiye munthu aliyense wa ku Maravia amene anagulitsapo njinga kapena mbuzi kuti agule bokosi ndi ufa wa pasiwa amasiya kuseka.

Si kuti ndewu sakuidziwa. Chidakwa china chimene chinkazunza Tomoe, mkazi amene anali mnzake wa paubwana, anachigwetsa ndi ndodo chabe. Mbiri itamveka, akuluakulu anamutuma kukapha munthu, ntchito yokwezetsa malipiro. Iye anayamba wakana, ndipo atafika kwa mdaniyo anakhala pansi awiriwo n'kumadandaulirana za umphawi, ngati anthu odikira galimoto ya ku Fingoè. Amamenyana ndithu pamapeto, koma kwa ine chithunzi chokoma ndi cha usiku wina, mwana akuloweza za kusukulu, bambo zala zili pansungwi, akumvetsera.

Ena adzati mwambiwu ngwa anthu aulesi, oopa kudumpha Zambezi. Mwina. Pachala pamakhalanso fodya wabwino, ndipo nyumba zina zamalata kuno zinamangidwa ndi marandi. Koma taonani amene amaseka Seibei mufilimumo: onse ali pamowa, kudikira kukwezedwa, osadziwa kuti usamurai wonsewo watsala zaka zowerengeka kuti uthe, pakuti 1868 inali pakhomo. Iye ankadziwa chimene ankathamangira madzulo aliwonse, ndipo ankachipeza.

Za kusasambazo zokha, achimwene, musatengere. Tomoe anapirira chifukwa filimu situlutsa fungo.