Aneba, galu wanu ali ndi mawu abwino

Mu Mzuzu muli nyumba ya malamulo imene simudzaimva pa wailesi. Imakumana usiku anthu akangozimitsa magetsi. Woyamba kuyankhula amakhala Tiger wa ku Chibavi, wa ku Chiputula n'kuvomereza, wa ku Mchengautuwa n'kutsutsa, kenako agalu onenepa a ku Chimaliro n'kuthirirapo ndemanga ali kuseri kwa mipanda ya njerwa. Sipikala palibe. Zokambirana zimatha tambala akalira.

Kukacha m'pamene umaona ulemu wa anthu a m'tauni. Munthu maso ali psuu chifukwa chosagona, koma akakumana ndi mwini galu pa mpopi:

"Mwadzuka bwanji, aneba?"

"Tadzuka, kaya inu anzathu?"

"Tadzuka ndithu. Koma galu wanu uja ali ndi mawu abwino."

"Zikomo kwambiri. Ndi wachizungu ameneyo."

Nkhani yathera pomwepo. Dandaulo lenileni akalitula kwa wa njinga ya sakaramento amene akumupalasira ku msika wa Taifa, munthu woti galuyo sanamuonepo n'komwe.

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Kuuwa nakonso sauwa pachabe. Tiger watandala tsiku lonse pa tcheni m'kakhola kothina, osathamangako, osaonana ndi aliyense. Chakudya chake ndi mkute wa nsima, ndiwo zake fungo la bonya lochokera kukhitchini. Ndiye bwerani mu June kapena July, kuzizira kwa Mzuzu kutafika pachimake: bwana afunda mabulangete awiri, mlonda wawo wagona pa simenti yonyowa. Akapanda kudandaula ameneyo adandaule ndani? Wina amauwa chifukwa cha mantha, wina akulondera malo ake, wina wamva fungo la galu wamkazi ku Katawa, wina akungoyankha anzake.

Mankhwala amene tonse timawadziwa ndi kutsegula zenera n'kukuwa kuti, "Tiger, chete!" Tiger akamva zimenezo amati, "Eya, abwana nawonso alowa m'kwaya," n'kukweza mawu. Aneba nawo amaponya mwala mumdima, mwalawo n'kugwera padenga la munthu amene alibe ngakhale mphaka.

Chonsecho njira zake n'zosavuta. Galu adye mokwanira madzulo, madzi akhale pafupi, pogona pakhale pouma, poyalidwa chiguduli. Ngati amauwa aliyense wodutsa, tsekani mipata ya mpanda imene amasuzumirapo. Akauwa osamulalatira, akakhala chete m'pamene mum'patse kafupa, adziwe chimene chimalipira. Katemera wa chiwewe musadikire kuti akukumbutseni pa 28 September, tsiku loganizira za matendawa pa dziko lonse. Chachikulu, mumasuleni pa tchenipo muziyenda naye. Apa ndiye povuta, chifukwa bambo wa ulemu wake akamayenda ndi galu pa chingwe mumsewu wa ku Katoto, anthu amafunsana kuti, "Kodi ntchito ija inatha? Alembedwa kwa azungu?"

Koma amene wapirira manyaziwo n'kuchita zonsezi adziwe kuti mlandu wina ukubwera. Sabata isanathe galu atayamba kugona, amva "Odi!" pageti. Ndi aneba omwe aja, nkhope ili ndwii.

"Pepani aneba, tabwera kudzazonda. Kodi Tiger akudwala? Chikhalireni chete, mzere wonse uno sitikugona, tikuopa akuba."