Chilombo cha ku Karonga chafika pa Mwanza

Akatswiri a bawo musadabwe, kunja kuno kuli masewera opanda maenje. Dungeons & Dragons, amene anayamba ku America mu 1974, amangofuna pepala, pensulo, madayisi ndi bodza lokwanira. Chilombo chilichonse chimapatsidwa manambala a mphamvu, liwiro ndi nzeru. Nanga tizingobwereka zinjoka za azungu mpaka liti, pamene tili ndi Malawisaurus wathuwathu, amene mafupa ake anafukulidwa ku Karonga?

Ndiye ndachilembera ndekha manambala chilombochi, poganiza kuti chatulukira kuno ku Mwanza. Mphamvu ndachipatsa 20, poti chinali chachitali ngati basi yaikulu, pakhungu pali timafupa tochiteteza. Nzeru 2 basi, kamutu kake kanali kosalimbitsa mtima. Liwiro 3, koma chikalowa pamzere wa mathiraki opita ku Zobue litsike lifike pa 0, lamulo ndi la aliyense.

Vuto ndi kudya. Chinkadya zomera zokhazokha, ndiye nyengo ya manachesi khosi lalitalilo lingapulule munda wonse mwini wake akufunafuna dengu. Woponya dayisi akapeza 1, munda wapita. Akapeza 20, amayi a m'mbali mwa msewu wa M6 achigulitsa mulu pamtengo wa alendo, n'kuchimana basera.

Pasipoti yokha ndiyo yandikanika. Chilombo cha zaka zoposa 100 miliyoni, tsiku lobadwa silikukwana pa fomu.