Usipa wa amayi apampando wasowa m'kompyuta

Ukatswiri wa kompyuta ndinadzipatsa ndekha kuno ku Chipoka, mlamu wanga atandisiyira laputopu yothothoka mabatani popita ku Joni. M'katimo munali ASP.NET, chida chomangira masamba a pa intaneti chimene Microsoft inatulutsa mu 2002. Anyamata a ku Lilongwe amati n'chokalamba ngati sitima ya Ilala. Ndimawayankha kuti Ilalayo inayamba kuyenda mu 1951 ndipo ikadali panyanja.

Amayi a gulu logulitsa nsomba anandipempha tsamba lolembapo malonda awo. Ndinafuna kuonetsa nzeru: ukasankha usipa, lamulo la LoadControl likubweretsere kabokosi ka ndowa; ukasankha chambo, ka madazeni.

Tsiku loonetsa, amayi apampando anapukuta mamba pachitenje, nalemba ndowa 12 ndi chala chimodzi. Anadina batani losunga. Kabokosi zii, ndowa nazo zii.

"Mwanangu, usipa wanga uli kuti?"

"Netiweki, amayi."

Netiwekiyo inali yodzadza mpaka pakamwa.

Ndinakayikira kachilombo, ndinakayikira mphepo ya mwera, ndinayamba kuyang'ana cham'mbali mnansi wina wake. Tsiku lachitatu ndi pamene ndinagwira mfiti, ndipo inali itavala malaya anga. Seva ndi yoiwala kuposa amalume akabwereka ndalama. Ukadina batani, tsamba limabwerera kwa iyo, ati postback, ndipo imalimanga kuyambira pamaziko ngati sinalionepo. Zimene unajambuliratu pa pulani zimadzuka zokha. Kabokosi kolowetsa pambuyo ndi mlendo, umayenera kukaitananso ulendo uliwonse. Ine ndinkakaitana pokhapo munthu akasankha nsomba, ndiye manambala ankafika padoko ngati thumba la ufa lopanda mwini.

Ndinasunga mtundu wa nsomba mu Session, momwe seva imasungamo zinthu osaiwala, n'kumaitana kabokosiko m'mamawa, pa Page_Init, katundu asanatsitsidwe. Kanabwerera! Koma ndinaiwala kukapatsa ID yokhazikika, choncho seva inkakatcha dzina lina kakabwera kachiwiri. Kudina koyamba, batani phee. Kudina kachiwiri, ndiye kugwira.

"Amayi, muzidina kawiri," ndinatero molimba mtima. "Ndi ulemu wa makina. Pakhomo la apongozi simulowa ndi odi mmodzi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, natulutsa kope lawo lakale lamafuta m'chikwama, nanyambita pensulo. Malipiro anga anali mulu umodzi wa usipa wouma. Umenewo analemba m'kopemo, kamodzi kokha.