Koko ku Dimba, Maluwa Pakhomo, Mbuzi Pakati

Ku Lundazi kwabuka mkangano wosafuna khoti: kadera kotsala kuseri kwa nyumba tibzalepo koko kapena maluwa? Bambo wina wa kwa Mwase anangoona mkazi wake wabwera ndi kamtengo ka bougainvillea kuchokera ku Chipata. Anafunsa kuti kamakhwima liti, mayi nkuyankha kuti angodikira adzaona okha. Bambo anawerenga miyezi 9 monga amachitira ndi koko, nkutenga khasu m'mawa, nkufukula chitsamba chonse. Anayang'ana m'dzenje, anayang'ana mizu, kenako anakuwa: "Amake mwana, bwerani! Akuba atidyera kale, atisiyira mizu yokhayokha!"

Pamsonkhano wa alimi, alangizi ananena momveka kuti koko amafuna nthaka yachinyontho, pamene bougainvillea imachita maluwa ambiri ikamva ludzu. Adada ena anali atakhala kumbuyo, khutu limodzi lili ku mtengo wa soya. Anakabzala bougainvillea m'dimba m'mbali mwa mtsinje wa Lundazi, koko nkumuika pamwamba pa chulu. Pofika Okutobala bougainvillea inali masamba ndi minga, duwa olo limodzi, koko atauma gwa. Alangizi atafika anati, "Adada, mwazisinthanitsa izi." Adada anapukusa mutu: "Miyezi yonseyi zikupenyana, zimalephera bwanji kuuzana?"

Mdzukulu anatenga agogo ake kukawaonetsa Castle ya ku Lundazi. Anawafotokozera zonse: kuti anamanga ndi DC wachizungu Errol Button chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, kuti nsanja zake anatengera nyumba za mafumu akale a ku Ulaya, kuti pano ndi hotela. Agogo nsanjazo sanazipenye nkomwe. Maso awo anali pa damu ndi dothi lakuda la m'mbali mwake. "Madzi onsewa, iye osabzala koko olo phando limodzi?" Mdzukulu anati ayi, azungu ankakonda kapinga ndi maluwa. Agogo anagwedeza mutu mwachisoni: "Nchifukwa chake anabwerera kwawo. Inali njala."

Nkhoswe ina inachokera ku Lusaka kudzakamba za malowolo. Podikira akuluakulu, inazungulira kuseri, nkuona masamba a koko obiriwira bwino, nkuthyola kansonga kutafuna kosaphika poti kutauni amadya saladi. Pokhala pamphasa, kukhosi kunali kutayamba kuyabwa ngati yameza chitedze. Asibweni a mtsikana anati ng'ombe zinayi, nkhoswe inangogwedeza mutu. Anati zisanu, inagwedezanso, misozi ili mbwe. Anafika zisanu ndi ziwiri, inagwira pakhosi nkugwada. Asibweni anatembenukira kwa abale awo: "Mlendo waulemu chotere sindinamuonepo. Mphwake wa mtsikanayu naye tikambiretu lero."

Mvula itagwa ana ali panjira ya kusukulu, aliyense anathyola tsamba la koko nkufunda kumutu, madzi akungotsetsereka osalinyowetsa. Kamnyamata kena kwawo kunalibe koko, kunali bougainvillea yokha, ndiye kanathyola nthambi yake. Kanafika m'kalasi kali chonyowa, nkhope yonse mikwingwirima. Aphunzitsi anafunsa, "Iwe, wamenyana ndi ndani?" Kamnyamata kanati, "Ndi ambulera, aphunzitsi."

Mlandu kwa anyakwawa. Mayi wina anadandaula kuti mbuzi za aneba zamudyera hibiscus yense wa pakhomo. Mwini mbuzi anati mbuzi zake zadutsa koko wake osamukhudza nkukasankha maluwa a eni, ndiye mayiyo azinyadira. Anyakwawa anamuletsa, nkufunsa wodandaula: "Amama, tiwerengere chipukutamisozi. Mukanakolola matumba angati?" Mayi anati maluwa sakololedwa, ndi ongoyang'ana. Anyakwawa anaganiza pang'ono, nkugamula: "Adada, mbuzizo muzizimangirira pakhomo pa amamawa sabata yathunthu, aziziyang'ana. Maluwa ali m'katimo."

Mtsikana wa sekondale anauza amayi ake kuti hibiscus, lumanda ndi therere ndi banja limodzi, aphunzitsi a sayansi atero. Amayi anangoti, "Oho." Madzulo bambo akuchokera kumunda wa thonje anadabwa kuona nyumba yawo ikuonekera kuchokera kumsewu. "Amake mwana, mpanda uja uli kuti?" Mayi ali kukhitchini: "Sambani m'manja."

Mkulu wina anagula hibiscus wa m'chitini pamsika wa Lundazi, duwa lake lofiira psuu. Kutacha anapeza duwa lafota, lagwa pansi. Anabwerera nalo lili m'manja kukafuna ndalama zake. Wogulitsa anati, "Bwana, duwa la mtengo uwu limakhala tsiku limodzi, mawa limatuluka lina." Mkulu uja anakhala chete, nkuloza zitini zina: "Ndiye ili munandipatsa la Lachinayi. Ndipatseni la Lamlungu, apongozi akubwera Lamlungu."

Ulendo wa minibasi kuchoka ku Chipata kufika ku Lundazi ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo kondakitala amapanikiza anthu anayi pampando wa atatu. Mnyamata wina anakwera atanyamula bougainvillea pamiyendo, mphatso ya azakhali ake. Amene anakhala pafupi analasidwa, nasamuka. Wachiwiri analasidwa, nasamuka. Mnyamata anafika ku Lundazi atatambalala yekha pampando wonse. Azakhali atatambasula manja kuti alandire mphatso yawo, iye anaibweza kumbuyo: "Pepani azakhali, iyi ndibwerera nayo Lolemba."

Mwana wa kukoleji anabwera patchuthi ndi nzeru zodzaza mutu. Anauza agogo aakazi kuti bougainvillea kwawo ndi ku Brazil, dzina lake ndi la mkulu wa sitima wa ku France, Louis Antoine de Bougainville, amene anazungulira dziko m'zaka za m'ma 1760. Agogo anati zimaoneka, mlendo sagwira ntchito, amangovala. Mwana anawonjeza kuti koko nayenso ndi wobwera, kwawo ndi ku Asia. Apa agogo anaika chipande pansi: "Usandiyambe. Koko ndinabadwa nkumupeza, amayi anga anamupeza. Ameneyo reji yake anatengera pa boma pompano."

Mwana yemweyo sanafooke. Anathyola kanthambi nkuonetsa agogo kuti zofiirira zimene anthu amati maluwa ndi masamba chabe, duwa lenileni ndi kanthu koyera kakang'ono kali pakati. Agogo anayandikitsa kumaso, nkukaona. Anatuluka panja, nkuima kutsogolo kwa chitsamba manja ali m'chiuno: "Zaka zonsezi ndikukusesera pansi, iwe ukundinamiza?"

Mu 2018 boma la Lundazi litagawidwa, Lumezi ndi Chasefu nkukhala maboma paokha, agogo ena aamuna anamva pawailesi kuti Lundazi aigawa patatu. Sanadikire nkhani ithe. Anathamangira ku dimba ndi thumba, nkufukula koko yense usiku womwewo, nkumubisa pansi pa bedi. M'mawa anakokera miphika itatu ya maluwa ya akazi awo kumsewu, nkukhala pambali pake ndi ndodo: "A Lumezi atenge uwu, a Chasefu uwu. Akafunsa za koko, chaka chino sitinalime."

Mlamu wa kutauni anapatsidwa mbande za koko kuti akabzale kwake. Patapita miyezi anaimba foni akudandaula kuti wathirira, wathira manyowa, masamba akula kuposa beseni, koma maluwa sakuoneka. Anamuuza kuti chuma cha koko chili pansi, akumbe. Mawa lake anaimbanso: "Alamu, ndakumba. Maluwa kulibe, ndangopeza zimbatata zaubweya. Ndataya."

Bambo wina anatopa ndi akuba koko, ndiye anabzala bougainvillea kuzungulira dimba lonse. Inakula, inalukana, minga ili nyomi, khomo lomwe nkutsekeka. Nthawi yokolola anazungulira kawiri, malaya anang'ambika, kulowa osalowa. Koma posuzumira anaona kuti mapando ena ndi ofukula kale. Madzulo anagula botolo la munkoyo, nkupita kwa mnyamata amene mudzi wonse umamukayikira. "Mphwanga, sindikukunenera kanthu ayi. Ndingofunsa: umalowera pati?"